Chidendene Changa ndi Kakolo wa Edina

Ana anga, mwandiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kudontha, ndiye ndiyambe ndi chopusa chenicheni kuti museke, mutope, kenaka mumvetsere. Mpaka ndevu zitamera, ine bambo wanu ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti chidendene changa chakumanzere ndi mankhwala. Mukudziwa kuti ndinabadwa mapasa ndi bambo anu aang'ono a ku Phalombe aja, amene anatenga nzeru zonse m'mimbamo n'kundisiyira ine pakamwa pokha. Kwathu ankati munthu akabinya phazi apite m'mamawa kwa mwana wa mapasa akamuponde pobinyapo ndi chidendene, basi kwatha. Mnzangayo ankachita manyazi kuponda akuluakulu, ndiye ntchito yonse inagwera ine. Ndaponda akulu ampingo, ndaponda azimayi a kwaya, ndapondapo ngakhale mphunzitsi amene anandikwapula dzulo lake, ndipo ameneyo ndinamupatsa mankhwala okwanira bwino. Onse ankachira, poti phazi lobinya limaphwa lokha, koma zikomo ankabwera kwa ine.

M'zaka za m'ma 1980: wokankha machira

Sitandade 8 inandikonda kwambiri, siinkafuna kundisiya. Nditaibwereza mpaka aphunzitsi kuyamba kundifunsa nzeru za m'banja, ndinakwera basi kubwera ku Zomba, ndipo ndinapeza ntchito yokankha machira pachipatala. Bwana wanga woyamba anali msilikali wopuma, tonse tinkangoti a Sajeni. Munthu wamfupi, woyenda ngati kumbuyo kwake kuli gulu lonse likuguba. Tsiku loyamba anandiona ndikuthamangitsa machira pakhonde, n'kundiimitsa ndi chala chimodzi. "Iwe, wanyamula chiyani?" Ndinati, "Wodwala, bwana." Iwo amvekere, "Ndimayesa njerwa. Machira si wilibala. Munthu wagona apoyo akuona denga lokha, sakudziwa komwe ukupita naye. Uzimuuza." Mawu amenewo ndinawagwira, koma ndinapyola muyeso. Ndinkawauza odwala komwe tikupita, komwe tachoka, nsomba zomwe zafika kumsika, ndi amene wathawidwa ndi mkazi ku wodi ya amuna.

Machira athu anali okalamba kuposa a Sajeni. Ena thayala limodzi linkafuna kupita ku Liwonde pomwe anzake atatu alunjika ku Blantyre, ndiye unkakankha cham'mbali ngati nkhanu. Tinkamanga ndi waya, waya akaduka tinkamanga ndi pemphero. Koma a Sajeni sankalola kuti wodwala aone kuti tikuvutika. Ankati ukafika pokwera uzimwetulira, thukuta ukapukutire kuseri.

M'zaka zimenezo ndi mmene ndinapezera amayi anu, akugulitsa zitumbuwa pageti, ndipo tinakakhala ku Zakazaka m'nyumba ija ya chitseko chobiriwira. Ndinkayesa za chidendene ndazisiya kumudzi, koma mbiri sifuna tikiti, imakwera basi ulele. Munthu wina wakwathu anaulula pampopi, ndipo posakhalitsa m'mawa pakhonde pankapezeka wina wotsimphina: anyamata a mpira, azimayi oterereka ndi mitolo ya nkhuni kuphiri, ngakhale mwini sitolo wina wa m'tauni anabwerapo mwakachetechete, galimoto ataisiya patali. Amayi anu ankangoti, "Phazi lomwe ndimalithamangitsa pamphasa chifukwa cha fungoli?" Koma mbatata ndi nthochi zomwe anthu ankasiya pakhomo sankazikana.

M'zaka za m'ma 1990: chipinda cha mafizo

Anandisamutsa chifukwa cha pakamwa. Anamwino anadandaula kuti ndikuseketsa anthu osokedwa kumene mpaka ulusi kufuna kuduka, ndiye akuluakulu anati ameneyu apite kwa anthu ofunika kulimbikitsidwa. Ndi mmene ndinagwera ku chipinda cha mafizo, komwe anthu othyoka, ofa ziwalo ndi obinya amaphunzitsidwanso kugwiritsa ntchito thupi lawo. Mwini chipindacho anali Mayi Nankwenya, mzimayi wochepa thupi, wophunzira kunja, wolankhula motsitsa moti ukafuna kudziwa kuti wakalipiridwa unkayenera kusendera pafupi. M'chipindamo munali zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda, galasi lalitali long'aluka pakona, zithunzi za anthu ochita mafizo zomata pakhoma, ndi makina ena ovundikiridwa nsalu amene ankadikira kachitsulo kochokera kunja. Ndinapuma pa ntchito akudikirabe. Malamba a labala okokera miyendo anali atatha kalekale, ndiye sabata yoyamba anandituma kwa okonza njinga kumsika kukapempha machubu otha. Ndinabwera nawo nditakoleka m'khosi ngati wogulitsa njoka.

Chinsinsi changa anaulula ndi wodwala. Mnyamata wina wa kwathu ku Zakazaka atalowa anati, "Aa, adokotala, muli kuno? Paja munandiponda mwezi watha, koma labinyanso." Mayi Nankwenya anadikira kuti mnyamatayo apite, kenaka anati, "Vulani nsapato." Ndinavula. "Lamankhwalalo ndi liti?" Ndinaloza lakumanzere. "Imani ndi limenelo lokha. Tsinzinani." Ana anga, sindinathe ngakhale mzere woyamba wa Atate Wathu. Dziko linapendekeka, ndinakagwera pa ndowa ya madzi okolopera. Iwo osaseka ndi pang'ono pomwe. Anandipatsa chopukutira, anandikhazika pa benchi, n'kutenga phazi langa m'manja mwawo ngati akusankha chinangwa.

"Tamverani," anatero. "Apa pa kakolo pali mitsempha yomwe imamanga mafupa. Munthu akabinya imatamuka, ina imang'ambika pang'ono. Kutupa kumatha, ululu umatha, munthu amati ndachira. Koma mitsempha imeneyi ili ndi ntchito inanso. Ndiyo imauza mutu kuti phazi laponda pamwala, lapendekeka, liwongoleni msanga. Ikavulala imakhala ngati mtumiki wogona. Uthenga umafika mochedwa, munthu ali kale pansi. N'chifukwa chake mnyamata uja akungobwererabwerera. Inu mumamuponda, kutupa kumaphwa kokha, koma mtumiki akadali mtulo. Ntchito yathu ndi kumudzutsa." Ndinafunsa kuti amadzuka ndi jakisoni wanji. Anati jakisoni palibe, amadzuka ndi kutumidwa tsiku ndi tsiku.

Ndiye ndinaphunzira kutuma mtumiki. Kutupa kukayamba kuphwa, munthu amakhala pampando n'kumalemba mayina a abale ake m'malere ndi chala chachikulu chakuphazi. Akazolowera timamukoleka chubu kuphazi, mbali inayo kumwendo wa tebulo, iye n'kumakokera kunja, kukokera mkati, mpaka minofu ya m'mbali mwa msongolo itenthe. Kenaka kuimira zala zokha n'kutsika pang'onopang'ono. Kenaka kuima mwendo umodzi akupenya, mawa lake atatsinzina, sabata ina ali pa pilo. Kudumpha kumabwera pomaliza penipeni, ndipo chofunika si kudumphako, ndi kutera osagwedezeka. Ntchito imeneyi ndinaikonda kuposa machira. Pa machira unkamupititsa munthu. Kuno unkamuona akudzipititsa yekha, iwe uli pambali ndi manja otambasula ngati nkhuku yofungatira, ukumunyoza pang'ono kuti aiwale mantha.

Koma kunyumba anthu ankabwerabe. Ndikawauza kuti pitani ku mafizo ankandiyang'ana ngati ndawamana moto. Ndiye ndinapeza nzeru yomwe ndinkaiona ngati yaikulu kuposa phiri la Zomba. Ndinkawapondabe, mopepuka, kenaka n'kunena ndi nkhope ya pamaliro kuti mankhwala a mapasa ali ndi chizimba chake, ukachiphonya phazi limabwerera mwakale: uziima mwendo umodzi potsuka mano, uzikoka chubu dzuwa likamalowa. Anthu amene sakanamvera zithunzi za pakhoma ankamvera chizimba. Ndinakadzitama kuntchito. Mayi Nankwenya anati, "Zikuthandiza, sindikukana. Koma tsiku lina adzabwera munthu wokhulupirira chidendene kuposa chizimbacho, ndipo mudzasowa kolowera." Ine ndinangoseka n'kupitiriza kukolopa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: Edina

Loweruka ndinkakhala dokotala wa timu ya atsikana ya mpira wamanja pa bwalo lafumbi la kumtunda kwathu kuja. Udokotala wake unali ndowa, siponji ndi bandeji imodzi yomwe amayi anu ankachapa Lolemba. M'timumo munali Edina, mwana wa a Makwinja ocheka matabwa kuphiri. Anali mtsikana wa Fomu 2, wamtali ngati paini wamng'ono. Kwawo kunali m'mphepete mwa nkhalango, ndipo m'mawa ankatsika njira zachidule ndi beseni la zipatso pamutu, kukasiyira amayi ake pamsewu asanapite kusukulu. Akaima pansi pa goli ankaponya mpira ngati akubwezera dzira m'chisa. Anali ndi mwano wokoma. Ankati, "Adokotala, siponji yanuyo imachiza chiyani kupatula ludzu la ntchentche?" Ine ndinkati imachizanso pakamwa, abwere ndimuyese.

Vuto linali kakolo wakumanja. Anali atabinya kangapo konse, mpaka anafika pomangopindika yekha ngati chitseko chotsala ndi hinjesi imodzi. Edina ankatsimphina masiku ochepa, n'kumanga kansalu, n'kubwerera m'bwalo. Tsiku lina anatera moipa kwambiri, kulira kwake ndinakumva ndili kutsidya. M'mawa mwake dzuwa lisanatenthe a Makwinja anafika pakhomo pathu atamubereka kumsana, mtsikana wamkulu miyendo ikulendewera, atatsika naye phiri lonse. Anamukhazika pakhonde mosamala ngati thabwa la mkungudza, n'kuvula chipewa. "Achimwene, ndamva za phazi lanu. Mwana wanga ndi uyu." Anali bambo wa manja okhakhala, wosalankhulalankhula, ndipo m'maso mwawo munalibe kukayika ngakhale kochepa. Ndinaponda. Kenaka ndinati tipite naye kuchipatala akamujambule, ndipo fupa linapezeka lili bwino. Pobwerera ndinapereka chizimba changa chonse, chubu n'kumuwonjezera.

Bambo ake atamutsitsa kumsana kuti apumeko n'kutalikira pang'ono, Edina anandinong'oneza, "Adokotala, chizimba chanuchi ndachiona pa chithunzi pakhoma kuchipatala kuja. Kodi mizimu yanu imajambulitsanso?" Ndinati khala chete, uzingochita. Anachitadi, koma pomwe ululu unathera ndi pomwe chizimba chinathera. Mwana wa msinkhu umenewo akasiya kumva kupweteka amaona ngati sanavulalepo chibadwire. Bambo akenso sanamukakamize. Kwa iwo ntchito yeniyeni inachitika pakhonde paja, zinazi zinali zokometsera chabe.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Uthenga unadzera kwa aphunzitsi a timu kuti kukubwera anthu a sukulu ina yogonera konko ya ku Blantyre, odzasankha atsikana aluso oti akaphunzire kumeneko uku akusewerera timu yawo. Aliyense ankadziwa amene adzamutenge. A Makwinja, munthu wosalankhula uja, anali atauza kale anzawo onse ocheka nawo. Kwa iwo imeneyi inali njira yokhayo yoti mwana wawo atule beseni pamutu.

Madzulo oti mawa ndi tsikulo tinakumana pabwalo: aphunzitsi, atsikana, makolo angapo, ndi a Makwinja atatsika ndi utuchi m'tsitsi. Ine ndinali nditaona kale pokonzekera kuti Edina akutera ndi mwendo wakumanzere nthawi zonse, wakumanja akuubisa ngati malaya ong'ambika kukhwapa. Ndinatola kamtengo n'kulemba mzere pafumbi. Ndinati, "Tadumpha mzerewu cham'mbali, uku ndi uku, ndi mwendo wabwinowo." Anadumpha ngati mpheta. "Tsopano winawo." Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munali kupempha. Anadumpha, kakolo ananjenjemera. Pobwerera anatera cham'mphepete mwa phazi, manja anapita m'mwamba, ndinamugwira asanagwe. Anati, "Ndi kamwala, adokotala." Kamwala panalibe.

Ndinati, "Mawa sasewera."

Aphunzitsi anati ndimumange bandeji yolimba, poti masewero ake ndi a kanthawi kochepa. Ndinayankha kuti bandeji imathandiza kakolo amene wadzuka kale, koma yokha singagwire mtsikana wamtali chonchi akamatera pakati pa anzake ofunanso malo omwewo. Akabinyanso mitsempha isanagwirane, mwina sadzatsikanso phiri bwinobwino, osanena za mpira. Apa a Makwinja anasendera pafupi, osakwiya, akumwetulira ngati munthu amene wapeza yankho lophweka. Anagwada pafumbi anthu onse akuona, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato yanga yakumanzere. "Musavutike, achimwene. Mwina ulendo uja simunapondetse. Pondaninso, mawa apite."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinaimepo pamalo opanikiza ngati pamenepo. Ndikanaponda, bambo aja akanapita kwawo ndi mtendere, mwana akanalowa m'bwalo ndi kakolo wogona, ine n'kukhalabe dokotala wa Zakazaka. Ndikanangokana popanda chifukwa, akanamuseweretsabe, poti kwa iwo mankhwala anali atalowa kale. Njira yomutulutsira Edina m'bwalo inali imodzi yokha, kupha chidendene changa pamaso pa anthu omwe ankachidyetsa mbatata. Ndipo ngakhale nditatero, mwana ameneyu ankataya sukulu ya ku Blantyre chifukwa cha pakamwa panga. Ndinayang'ana pamutu pa a Makwinja, utuchi uli mbuu, zala zawo zikuluzikulu zikuvutika ndi kamfundo ka chingwe.

Ndinawagwira paphewa. "A Makwinja, dzukani. Phazi ili ndi phazi chabe, lili ndi ming'alu ngati lanu. Silinachizepo munthu ngakhale mmodzi. Amene anachira anachira ndi kuima mwendo umodzi kuja, ndipo si chizimba ayi, ndi mafizo a kuchipatala. Mwana wanu sanachire. Ndikamuponda, ndikhala ndangomuponda basi."

Mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye nthochi zanga zija?" Ena anaseka, koma a Makwinja sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono, anasansa maondo, n'kundiyang'ana ngati munthu amene wagwetsa mtengo n'kupeza mkati muli mphako. Anafunsa funso limodzi. "Akapanda kusewera, mwendowu ubwerera?" Ndinati ukhoza kubwerera akalimbikira miyezi, koma za ku Blantyre sindingalonjeze. Anatembenukira kwa aphunzitsi n'kuti, "Mwamva. Sasewera." Edina anavula kamalaya ka timu kapamwamba, anakaponya mu ndowa yanga, n'kuyamba kukwera phiri yekha, akuyenda mowongoka dala kuti ndisaone kutsimphina.

Malo aja anatenga mtsikana wina. Pakhonde pathu panauma. Pampopi azimayi ankati wadzivula yekha, ndipo anyamata ndikamadutsa ankaima mwendo umodzi ngati akakowa. Zimenezo sizinandiwawe kwenikweni. Chinkandiwawa ndi Edina, amene tikakumana pamsewu ankandidutsa ngati mtengo wa magetsi. Mayi Nankwenya nditawafotokozera sananene kuti paja ndinakuuzani. Anandithirira tiyi m'kapu yawo, yomwe sankabwereka munthu.

Mvula itagwa

Tsiku lina ndikukolopa ndinamva kugogoda. Anali a Makwinja, atanyowa, atakwapatira chinthu m'thumba la feteleza. Anatulutsa thabwa lozungulira, lopalidwa bwino, pansi pake atakhomerapo chipika chosemedwa ngati theka la dzungu. Anati, "Mwanayu akuti pa chithunzi chanu pali chinthu chotere, choimapo n'kumagwedezeka. Wandijambulira pansi ndi khala. Kaya ndalondola." Thabwa lotere m'chipinda mwathu tinali tisanakhalepo nalo, tinkangolisirira pakhomapo. Mayi Nankwenya analitembenuza uku ndi uku, anavula nsapato, anakwerapo okha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo onse. Kumbuyo kwa bambo ake kunali Edina, akuyang'ana denga. Anati, "Sindinabwerere inu. Ndabwerera mwendo wanga." Ndinati nanenso sindinabwerere iwe, ndabwerera ndowa iyi.

Tinayambira pansi penipeni, pa chubu. Atafika pa thabwa la bambo ake ankagwira zitsulo ndi manja onse awiri, thabwalo likugunda pansi gu, gu, gu, mpaka a ku chipinda choyandikana anabwera kudzafunsa ngati tikusinja. Patapita masabata kugundako kunachepa. Anasiya dzanja limodzi, kenaka lina. Apo ndinayamba kumuponyera mpira ali pathabwapo, dala cham'mbali, nthawi zina cham'maondo. Ankati, "Adokotala, mumaponya ngati mukuthamangitsa nkhuku." Ine ndinkati wosewera weniweni amawakha ngakhale nkhukuyo. Kenaka tinatuluka panja, kudumpha mzere, kuthamanga mozungulira ndowa ziwiri, kulumpha n'kutera n'kuuma pomwepo ngati wojambulitsa.

Musaganize kuti zinali zokoma. Mafizo a kakolo sawawa, amatopetsa, ndipo kutopa kumagwetsa anthu ambiri kuposa ululu. Anzake ankasewera Loweruka, iye ali mwendo umodzi kuyang'ana khoma. Tsiku lina anatsika pathabwa, anakhala pa benchi, n'kunena osandiyang'ana, "Mukanangondiponda tsiku lija, mwina bwenzi ndili ku Blantyre." Ndinafuna kuseka naye, koma nthabwala zinakana kubwera. Ndinati, "Mwina. Sindingakunamizenso. Mwinanso bwenzi ndikukukankha pa machira." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenaka anadzuka n'kukweranso.

A Makwinja, amene poyamba ankati izi n'zokometsera, anasanduka kapitawo. Amayi ake a Edina anandiimitsa pamsewu wa kuphiri n'kundidandaulira kuti kwawo tsopano palibe woima ndi miyendo iwiri. Edina amatsuka mbale mwendo umodzi, azing'ono ake amamutsanzira, ndipo bambo okha anawapezerera kuseri kwa nyumba akunola sowo ali mwendo umodzi, atatsinzina. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndinkakwera naye ku tinjira ta kufupi ndi damu, komwe masamba a paini amaterera ndipo mizu imabisala pansi. Mayi Nankwenya ankati phazi liyenera kuphunzira pa nthaka yomwe lidzakhalepo. Poyamba ankayenda, kenaka ankathamanga pang'ono, ine ndikubwera m'mbuyo ndi befu. Ankaima pamwamba n'kukuwa, "Adokotala, ndikubereke?"

Chaka chotsatira

Amene anamumasula ndi Mayi Nankwenya, osati ine. Analemba mzere ndi choko pasimenti, anamudumphitsa mwendo uwu ndi uwo, anamutsinzinitsa, anamukankha pang'ono paphewa ali mwendo umodzi, n'kuti, "Kasewere. Koma thabwalo usalisiye." Ndinene zoona, anthu a ku Blantyre aja sanabwerenso, mwayi umenewo unapitiratu. Edina anamalizira sukulu yake konkuno, ndipo lero akuphunzitsa ana a pulayimale. Koma chimene ine ndimakumbukira ndi Loweruka lomwe anabwerera m'bwalo.

Anali masewero wamba, ndi atsikana a ku Chinamwali, opanda chikho, opanda mlendo wolemekezeka. Chakumapeto kunabwera mpira wam'mwamba. Edina analumpha pamodzi ndi wotchinga wina wojintcha, ndipo potsika phazi lake lakumanja linatera pamwamba pa phazi la mnzakeyo. Ndinaona bwinobwino, chifukwa masewero onsewo mpira sindinauone, ndinkangoyang'ana kakolo ameneyo. Anapendekera kunja monga ankachitira masiku onse aja, ndipo ndowa ndinali nditainyamula kale. Koma asanafike pogwa, phazi linadzikoka lokha, linawongoka, linaponda fumbi ndi mphamvu. Mwini wake sanadziwe n'komwe. Anatembenuka, anakweza manja, mpira unalowa.

Anthu ankakuwira chigoli. Ine ndinakhala pansi pomwepo, ndowa inagubuduka, madzi n'kundilowa m'thalauza, ndipo ndinalira kukamwa kuli yasa, bambo wamkulu wa imvi. Atsikana anathamanga kudzafunsa ngati ndabinya. A Makwinja anabwera, anakhala pambali panga m'matopemo. Anangoika dzanja lawo lolemera pa bondo langa mpaka wezulo yomaliza inalira.

Mbiri inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza amayi anu atandiikira madzi kubafa, thalauza lina lili pampando. Pakudya usiku umenewo ndinayamba kudziteteza. Ndinati fumbi la bwalo lija ndi loipa, limalowa m'maso, ndipo munthu akakula misozi imangotuluka yokha ngati mpopi wakutha. Iwo anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera, kenaka anandisendezera mbale.

"Bambo a Dalitso, ana anu onse anayamba kuyenda inu muli kuntchito. Ndinkakuuzani madzulo, inu n'kumangoti eti. Lero mwadzionera nokha mmene zimakhalira. Idyani, ndiwo zikuzizira."